Chaka Chimene Ndinakhala Pansi m'Khoka la Achimwene

Anthu akamakamba za chaka cha njala chija, chimene mvula inadula chimanga chitamasula kale, ena amayambira pa mtengo wa ufa, ena pa magetsi amene ankazima mpaka zigayo kuima. Kwathu kuno, kufupi ndi Chiparamba, amayambira pa ine. Amati, "Chaka chija amake Mwatitha anabweza chimanga chitafika kale pakhomo." N'zoona, ndinachibweza. Ndipo chitabweranso mwa njira yomwe ija ndingachibwezenso. Koma popeza aliyense amaikamba nkhaniyi mmene akufunira, lekani nanenso ndiikambe mmene ndinaionera.

Kumunsi kwa mudzi wathu kuli damu. Linakumbidwa kalekale kuti ng'ombe zizimwapo, ndipo kwa zaka zambiri munkangokhala achule ndi milamba yowerengeka. Kenaka ife azimayi a kilabu tinagwirizana, alangizi a za nsomba anatithandiza kupeza tiana ta makumba, n'kutithira mmenemo. Tinkatidyetsa madeya ndi masamba a kudimba. Malamulo tinapangana ndi mudzi wonse, amfumu ali pomwepo. Aliyense awedze ndi mbedza. Kansomba kochepera chikhatho kabwerere m'madzi. Ukonde uzilowa pa tsiku logawana lokha. Miyezi ya mvula, pamene nsomba zikuswana, damu lizitsekedwa monga mmene boma limatsekera mitsinje. Ine anandisankha kukhala wapampando. Sikuti ndinali ndi nzeru kuposa anzanga ayi. Anati pakamwa panga sipachita manyazi.

Disembala

Mvula inayamba ngati ya chaka chabwino. Tinadzala chimanga, mtedza ndi soya pang'ono. Amuna anga amagwira ntchito ya ulonda m'tauni ndipo amachita lendi kachipinda ku Nabvutika, kumudzi amabwera mwezi ukatha. Choncho munda unali wa ine ndi mwana wanga Mwatitha, amene anali atabwerera pakhomo ukwati wake utatha, ali ndi kamwana kake Tadala, kongoyamba kumene kuyenda. Feteleza tinathira. Chimanga chinabiriwira mpaka kuda.

Kumayambiriro kwa mweziwo tinamanga nsalu yofiira pa mtengo umene tinazika pa khoma la damu, chizindikiro chakuti damu latsekedwa. Palibe anadandaula. M'nkhokwe munali mukadali chimanga, ndiwo zinali mbwee, bonongwe, chisoso, bowa. Munthu wokhuta sakangana ndi lamulo.

Ndinkakonda kupita m'mawa kukasuzumira m'mbali mwa madzi. Makumba akafuna kuswana amakumba timaenje tozungulira ngati mbale pamalo osaya, ndipo mayi amasunga mazira ndi ana ake m'kamwa, osadya kanthu mpaka atakhwima. Ukagwira mayi mmodzi wotere wapha chigulu chonse. Chaka chimenecho timaenje tinali paliponse, ndipo mtima wanga unali m'malo.

Febuluwale

Mvula inadula mu Januwale. Poyamba tinkati ndi ng'amba ya masiku onse, ibwera. Mitambo inkasonkhana kumapiri, mphepo n'kuimwaza tikuyang'ana. Masamba a chimanga anapotana ngati a anyezi, kenaka anayera. Kutchalitchi tinapemphera mpaka mawu kusasa. Mphekesera nazo zinayamba. Ena ankati pali munthu wamanga mvula kuti njerwa zake ziume, ena ankati pa wailesi anena kuti si kwathu kokha, ndi dziko lonse mpaka ku Malawi.

Ine maso anali pa damu. Chaka chabwino, pofika Febuluwale madzi amasefukira. Chaka chimenecho mwala umene timachapirapo unali pamtunda, wouma gwa.

Tsiku lina masana ndikuchokera kudimba ndinaona anthu awiri ali m'madzi kuseri kwa bango. Anali Anazulu, mnansi wanga amene tinkapalana moto ndi kubwerekana mchere, komanso membala wa kilabu yathu, ali ndi mng'ono wake. Ankakoka neti ya udzudzu, zija anatipatsa kuchipatala. Pamtunda panali beseni, mmenemo tinsomba tating'ono ngati zala za khanda tikuphiriphitha.

"Anazulu, n'chiyani chimenechi?"

Sanadzidzimuke n'komwe. "Mukuona nokha, amake Mwatitha. Ndiwo."

"Si ndiwo izi, ndi mbewu. Inu nomwe munkasenza madeya kudzadyetsa amayi awo."

"Ndiye ana anga adye lamulo? Bonongwe wapsa, nkhwani wapsa. Kapena ndikaphike nsalu yanu yofiirayo?"

Ndinanyamula beseni lija n'kulikhuthulira m'madzi. Tina tinathawa, tina tinayandama chagada, titafa kale. Anazulu anapinda neti yake, n'kumapita. Madzulo ndinatuma Mwatitha kuti akawapatse mbale ya nyemba. Inabwerera momwemo.

Meyi

Kukolola kunali kwa mwambo chabe. Munda umene unkadzaza ngolo zingapo unatipatsa zimene tinasenza pamutu ine ndi Mwatitha. Mtedza unali makoko okhaokha. Mtengo wa chimanga, umene nthawi yokolola umatsika, unakwera. Ndalama imene chaka chapitacho inkagula ndowa yathunthu tsopano inkangogula kachitini, ndipo ogulitsa ankayeza mochita kukokolola pamwamba ndi chala. Ukachipeza chimangacho, kuchigayo unkakhala pamzere tsiku lonse kudikira magetsi. Madeya amene tinkapatsa nsomba ndi nkhuku tinayamba kusakaniza ndi ufa n'kudya tokha. Amuna anga akabwera ankabweretsa timapaketi ta ufa tija amati pamela, ndipo tinkatilandira ngati mphatso ya ukwati.

Damu tinali titatsegula mu Malichi. Ndiye mukanaona anthu! Amuna, akazi, okalamba amene anasiya kalekale kuyenda, onse ndandanda pa khoma ndi mbedza zawo. Munthu ankabwerera ndi nsomba ziwiri kapena zitatu. Sizinali zambiri, koma mawa lake akapitanso ankazipezanso.

Kuseri kwa phiri kuli mudzi wina umene unali ndi damu lalikulu kuposa lathu. Iwo anagwirizana ndi anthu a m'tauni, amene anabwera ndi khoka, ukonde wautali uja wa maso ang'onoang'ono umene amakoka anthu mbali ziwiri osasiya kanthu kumbuyo. Anakoka mpaka kutopa. Zotsala anthu a m'mudzimo anazimaliza ndi katupe, mankhwala osinja aja amene amaledzeretsa nsomba. Kwa sabata yathunthu fungo la nsomba zowamba linkafika mpaka kwathu, ndipo anthu athu ankandiyang'ana ngati ndine ndawatsekera kunja kwa phwando. Nyengo yozizira isanathe, a kuseri kwa phiri aja anayamba kubwera ndi mbedza kudzapempha malo pa damu lathu. Ndinkaganiza kuti aliyense waona ndipo wamva. Koma m'mimba mulibe maso.

Ogasiti

Achimwene anga, a Gibisoni, ndiwo oyamba kubadwa m'mimba mwathu. Amakhala mudzi womwewu koma amayenda kwambiri m'tauni pa njinga yamoto, kugula soya ndi mbuzi n'kukagulitsa. Si munthu woipa. Bambo athu atamwalira anandilera ndiwo, ndipo ndiwo ankhoswe a ukwati wanga. Tsiku lina anafika pakhomo nkhope ili ngwee, anakhala pa mpando, n'kuyamba.

"Mlongo, ndawapezera anthu chipulumutso. Pali bwana wina m'tauni, chimanga ali nacho chodzaza shedi. Akuti khomo lililonse thumba, ife tingomulola akoke khoka m'damu."

"Akatha kukokako mutsala chiyani?"

"Kutsala anthu amoyo. Nsomba boma lidzabweretsa zina."

"A kuseri kwa phiri lawabweretsera?"

Anaseka. "Pakamwa pakopo ndi pa amayi enieni. Tikakambirana kumsonkhano."

Msonkhano unachitikira pa bwalo la sukulu. Amfumu ankadwala miyendo nthawi imeneyo, anangoti, "Damu ndi lanu, kambiranani ndimve." Achimwene analankhula bwino, sindingawanamizire. Ndipo anali ndi mfundo imodzi imene inandivuta.

"Taonani madzi," anatero akuloza kumunsi. "Akutsika tsiku ndi tsiku. Pofika Novembala mukhala matope okhaokha. Nsomba zanuzo zifera momwemo, adya ndi akakowa. Ndiye chabwino n'chiti, adye mbalame kapena adye ana athu?"

Anthu anaomba m'manja. Woomba kwambiri anali a Lungu, bambo wina wa ng'ombe zambiri m'mudzi mwathu, mpaka anaimirira. Nanenso ndinaimirira.

"Thumba limodzi pa khomo lodzaza ana likhala nthawi yaitali bwanji? Khisimasi isanafike latha. Bwana wanuyo adzakhala atagulitsa nsomba zathu, ali phee kwawo. Inu chaka chamawa mbedza zanu mudzaponya kuti? Khoka silisankha, limatenga mayi, mwana ndi dzira lomwe. Ine dzanja langa sindikweza. Mukafuna khoka, muyambe mwandichotsa pampando."

Kunali phokoso ngati pamsika. Koma pamene anati okonda khoka akweze manja, azimayi ambiri a kilabu sanakweze, ngakhale maso awo anali pansi. Msonkhano unabalalika wopanda chigamulo.

Kuyambira tsiku limenelo ndikafika pamjigo nkhani zinkaduka. Ndinamva kuti ndimagulitsa nsomba m'tauni mobisa. Ndinamva kuti amabungwe amandilipira kuti ndizilondera damu. Ndinamvanso kuti ndinakwiriramo chizimba, n'chifukwa chake sindifuna khoka, lingachivuule. Zonsezo ndinkazimeza ndi madzi. Chimene sindinathe kumeza chinali m'nyumba mwanga momwe. Tsitsi la Tadala linayamba kufiira ndi kupyapyala, timapazi n'kumatupa. Tsiku lina Mwatitha akumusambitsa anati, osandiyang'ana, "Amayi, ana a nsomba mumadziwa kuwasamala. Nanga uyu ndi mwana wa ndani?"

Ndinapita kuseri kwa nkhokwe yopanda kanthu ija n'kulira. Nditatha ndinapukuta nkhope, ndinamanga chitenje, n'kuyamba kuganiza za madzi aja.

Seputembala

Pamsika wa Kapata m'tauni pali mayi wina wogulitsa nsomba zouma, dzina lake Asiyatu, Msilamu, makolo ake anachokera ku Mangochi. Ankatigula nsomba tikagawana, ndipo tinazolowerana. Ndinapita kukamuona. Anandikhazika pa thumba kuseri kwa benchi lake, anandigulira tiyi ndi chitumbuwa, n'kumvetsera mpaka ndinamaliza.

"Pa madzipo achimwene anuwo anena zoona," anatero. "Nsomba zikachuluka m'madzi ochepa zimabanika. Koma mankhwala ake si khoka. Kwawo kwa bambo anga anayamba ndi maukonde a maso aakulu. Nsomba zitachepa, anachepetsa maso. Zitachepanso, anasokerera neti ya udzudzu m'katimo. Lero taonani zimene abale anga amanditumizira." Anatapa tinsomba touma m'dengu n'kutiulutsa pa chikhatho. "Iti bambo ankati ndi ta mphaka. Lero ndikugulitsa kwa anthu, modula."

"Ndiye nditani, mnzanga? Kwathu andidya wamoyo."

"Pungulani. Chotsani zikuluzikulu anthu adye. Musiye zapakati, ana, ndi amayi ena owerengeka. Ndipo madzi otsalawo akhale akuya, asatambalale ngati lichero, angaphwe msanga."

Kunyumba kwake anali ndi ukonde umene anasiya malemu amuna ake, wa maso olowa zala zinayi. Anandibwereka. "Ubwere wouma," anatero, "ndipo musandichititse manyazi, mukapirire."

Nditabwerera ndinaitana azimayi a kilabu. Tinagwirizana kukumba dzenje lalikulu pafupi ndi khoma la damu, pamene madzi anali ataphwa kale, moyandikana ndi madzi otsalawo, kuti likatha tidzabowole, nsomba zipeze pothawira. Tinalibe thirakitala. Tinali ndi makasu, mafosholo awiri a kusukulu, ndi ndowa. Tsiku loyamba tinalipo owerengeka. Munthu amene wadya phala la madeya m'mawa sakumba nthawi yaitali, maso amachita mdima. Tinkakumba pang'ono, kukhala pansi, kukumbanso. Azibambo akamadutsa ndi ng'ombe ankaseka, "Amake Mwatitha akukumba manda a nsomba zawo!" Anabanda, mayi wachikulire wa m'kilabu mwathu, ankawayankha, "Mukafa inu tidzakumbanso, musadandaule." Pang'onopang'ono ena anayamba kubwera. Dzenje linafika m'chiuno, kenaka m'khosi.

Okutobala

Tsiku lina dzuwa linali loswa mtengo. Tinali m'dzenje pamene tinamva kulira kwa galimoto. Titasuzumira tinaona lole ikutsika njira ya ng'ombe, matumba a chimanga atasanjikizana pamwamba, khoka litaunjikidwa kumbuyo, pamwamba pake patakhala azibambo aganyu a m'tauni. Patsogolo panali achimwene pa njinga yamoto. Kumbuyo kunali mudzi wonse, ana akuthamanga m'fumbi.

Ndinafuula ndili m'dzenje momwemo. "Achimwene, msonkhano unavomera liti?"

"Njala siidikira msonkhano. Anthu ake ndi awa, afunse wekha."

Maso onse anali pa matumba. Sindiwaimba mlandu. Ine ndemwe fungo la chimanga chija linandilowa m'mphuno mpaka m'mimba munalira.

Aganyu aja anatsitsa khoka, analitambasula m'mbali mwa madzi, ena n'kuyamba kulowa nayo nsonga imodzi m'damu. Sindikumbukira kuti ndinaganiza chilichonse. Ndinatuluka m'dzenje matope ali thupi lonse, ndinayenda pakati pa anthu, n'kukakhala pansi pakati penipeni pa khokalo, pamene pamasonkhana nsomba. Ndinatambalala miyendo.

"Kokani," ndinatero. "Nsomba yoyamba ndi ino. Mukaigulitse ku Kapata, muone ngati ikwane thumba."

Ena anaseka. Achimwene sanaseke. Anabwera n'kuima pamutu panga.

"Esitele, dzuka." Chikwatiwire anali asananditchulepo dzina langa pagulu. "Usandichititse manyazi pamaso pa alendo."

"Manyaziwo mwabwera nawo nokha pa lole."

"Mdzukulu wako akutupa kunyumba, iwe uli pano kulondera achule!"

Mawu amenewo anandilasa, ndipo iwo ankadziwa kuti andilasa. "Mdzukulu wanga adzafuna kudya chaka chamawa, ndi chinacho. Thumba lanulo silifika kumeneko. Nsomba tigwira sabata ino, ife eni ake, ndi ukonde wosankha. Koma ili ayi. Ili likalowa m'madzi, lilowa ndi ine."

Kenaka ndinamva munthu akubuula pambali panga. Anali Anabanda, akukhala pansi movutikira chifukwa cha msana. "Kokani ziwiri," anatero. "Inayi ndi yokalamba koma mafuta ili nawo." Pambuyo pake anabwera wina, kenaka wina, azimayi amatope okhaokha, kukhala motsatana pa ukonde wa eni ake. Mwatitha anabwera pomalizira, Tadala ali kumbuyo. Anakakhala kumapeto kwenikweni, osandiyang'ana. Anazulu anaima pamtunda atapinda manja. Sanabwere.

Wamkulu wa aganyu aja anapita pambali n'kuimba foni. Ndinamufuulira kuti awauzenso abwana akewo kuti maso a ukondewo ndi oletsedwa, ndipo alangizi a za nsomba ndimadziwa kumene amakhala. Atabwerera anauza achimwene, "Bambo, ife tinabwera kudzakoka nsomba, osati azimayi. Wina akavulala pano ndi nkhani ya kupolisi." Anatipempha kuti tinyamuke apinde ukonde wawo. Tinati ayambe avuula nsonga imene inali m'madzi. Anavuula.

Lole ija inatembenuka, matumba ali pomwepo. Mpaka lero kulira kwake ikukwera mtunda ndimakumva. Mayi wina analira mokweza ngati pamaliro. A Lungu analavula malovu pafupi ndi mapazi anga. Anazulu anasendera pafupi n'kunena motsitsa mawu, "Ana anga akafa mudzabwere ndi makumba anuwo, tidzaphikire olira." Achimwene analiza njinga yawo, n'kunena anthu onse akumva, "Kuyambira lero ine mlongo ndilibe."

Sabata yomweyo tinaloweza ukonde wa Asiyatu. Tiana ndi zapakati zinkadutsa m'maso mwake n'kumapita. Zikuluzikulu zinatuluka zambiri kuposa mmene ndinkayembekezera, ndipo mwa izo tinasankha amayi ena onenepa n'kuwabwezera. Tinagawa khomo ndi khomo, ngakhale kwa amene ananditukwana. Palibe anakana. Gawo lina tinawamba n'kutumiza ku Kapata, Asiyatu anatisinthira ndi chimanga osatengapo phindu lake. Ndinene pano, pasadzapezeke wonena kuti ndinabisa: chimanga chimenecho chinali chochepa kwambiri poyerekeza ndi cha pa lole. Khomo lililonse linapeza zitini zochepa basi. Titatha kugawana tinabowola dzenje lathu, madzi n'kulowa.

Novembala

Uwu ndiwo unali mwezi woipitsitsa. Tinkaphika mango osapsa n'kumadya ngati mbatata. Anthu anagulitsa mbuzi, njinga, malata a padenga. Damu lonse linasanduka matope ong'aluka, madzi n'kutsala m'dzenje lathu ndi pang'ono pozungulira, obiriwira ngati msuzi wa nkhwani. M'mawa nsomba zinkabwera pamwamba kukamwa yasa, kufuna mpweya. Zina zinkafa, tinkazitola n'kupereka kwa odwala ndi okalamba. Ng'ombe tinkazitungira madzi m'ndowa kuti zisalowe kukavundula. Eni ake anakwiya, koma anatunga.

Ndinkaima pa khoma n'kumayang'ana kumwamba kopanda ngakhale kamtambo. Mumtima ndinkati, mvula ikachedwanso, achimwene apambana, ndipo ine ndidzakhala munthu amene anabweza chimanga chifukwa cha matope. Sindinauze munthu, ngakhale amuna anga, amene ankangoti, "Mwayamba kale, malizani." Pamjigo ndinkafika khosi lili njo.

Tadala anamugoneka kuchipatala masiku angapo, anamupatsa chiponde chija amapatsa ana onyentchera. Atatuluka, Mwatitha ankasinja nsomba zowamba zija kukhala ufa n'kumathira m'phala lake. Kutupa kunaphwa pang'onopang'ono. Tsiku limene anayambanso kuthamangitsa nkhuku pabwalo, ine ndi Mwatitha tinaseka limodzi koyamba chichokere Ogasiti.

Anazulu anatseka nyumba yake n'kupita ndi ana kwa mkulu wake ku Nabvutika, kukachapira anthu zovala. Sananditsanzike. Ana ake onse ali moyo, ndipo chimenecho ndimathokoza Mulungu kuposa china chilichonse m'nkhani ino. Chakumapeto kwa mwezi chimanga cha boma chinafika. Chinali chochepa, anthu anakanganirana, koma chinafika.

Januwale

Mvula inabwera mochedwa, Khisimasi itayandikira, ndipo mu Januwale inagwa yeniyeni. Tinadzala mbewu yopempha ndi yotola. Madzi ofiira anatsika m'makwawa, anadzaza dzenje lathu, anakwirira matope, anafika pa mwala wochapira n'kuupitirira.

Njala inali pachimake, chifukwa chimanga cha m'munda sichidyedwa ndi maso. Ena anabwera kudzandipempha kuti chaka chino tisatseke damu. Ndinakana, nsalu ndinamanga. Koma ndisaname: ndikaona nkhalamba itabisala m'bango ndi kambedza kake, ndinkayang'ana kumbali n'kumayamba nyimbo ya kwaya mokweza kuti idziwe kuti ndikudutsa. Neti yokha ndiyo sindinkaiyang'anira kumbali. Ndinalanda ziwiri, imodzi ya mwana wa amfumu.

Tsiku lina m'mawa, mwezi ukupita kumapeto, ndinaona kanthu kakuda m'mbali mwa madzi, ngati mthunzi wa mtambo koma kakuyenda kokha. Nditawerama, kanabalalika kukhala tiana tosawerengeka, n'kusonkhananso. Patsogolo panali gulu lina, ndi linanso. Ndinathamanga ngati mtsikana kukaitana Mwatitha. Anayang'ana nthawi yaitali manja ali m'chiuno. "Tachulukadi," anatero, basi. Kwa mwana wanga ameneyo, mawu amenewo ndi ambiri.

Epulo

Chimanga chinacha. Sichinali cha chaka chodzitama nacho, koma nkhokwe zinalandira kanthu, ndipo ana anayambanso kutaya maungu osamaliza. Anthu atakhuta anakumbukira kuti nthawi yosankha komiti ya damu yakwana.

Anandichotsa. Anati ndine wouma mtima, akufuna munthu womva za anzake. Anasankha a Lungu, omwe aja anandilavulira malovu. Anabanda anafuna kuyambitsa ndewu, ndinamugwira chitenje. Kenaka mphunzitsi wina anafunsa, "Nanga malamulo aja tisinthe? Okonda kuti khoka lizilowa akweze manja." Ndinatembenuka kuyang'ana bwalo lonse. Panalibe dzanja ngakhale limodzi. Ena ankakanda m'mutu, ena ankayang'ana nyerere. Ndinanyamuka pa mpando ndekha n'kuupereka kwa a Lungu ndi manja awiri.

Pasanapite nthawi a kuseri kwa phiri anabwera ndi ndowa kudzapempha tiana toti akathire m'damu lawo. A Lungu anawaimika padzuwa n'kuwalalikira za kuipa kwa khoka, mawu ake anga omwe a pa bwalo la sukulu, osasintha ngakhale limodzi. Ine ndinali chapatali ndi mbedza yanga, ndinaseka mpaka nsomba kuthawa.

Titamaliza kukolola linafika tsiku logawana. Ngakhale sindinalinso wapampando, anandiitana kuti ndigawe ndine, ati dzanja langa silikondera. Pamzere panali alamu anga, akazi a achimwene, ndi beseni lawo. Chichokere tsiku la lole lija, achimwene anali asanapondepo pakhomo panga, ndipo tikakumana pamaliro ankayang'ana kwina. Ndinaika m'beseni la alamu monga ndinaikira aliyense, osaonjeza, osachotsa. Anasenza n'kupita. Patapita kanthawi ndinawaona akubwerera, akuyenda mozengereza.

"Alamu," anatero, "achimwene anu andituma."

Ndinapukuta manja pa chitenje. "Akuti chiyani?"

"Akuti zachepa."

Azimayi amene anali pafupi anasiya zimene ankachita kuti amve.

"Kawauzeni kuti zotsalazo zili m'madzi," ndinatero. "Abwere ndi mbedza. Malo ndiwasungira pa khoma, pafupi ndi ine."

Achimwene sanabwerebe. Koma mlungu wathawu alamu anadzabwereka nyambo, ndipo sananene kuti ndi za ndani.